Chule Woyamba wa a Pulofesa Brambati

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikutsegula mitu ya achule. Dzina langa ndine Piera Gatti, koma pa chitseko cha labu yathu simulipeza. Lomwe lilipo ndi la Pulofesa Attilio Brambati, m'zilembo zamkuwa zimene ndimapukuta ndekha Lolemba lililonse. Ntchito yanga ndi kuchotsa khutu la mkati la chule, kanthu kochepa kuposa kambewu ka mpunga, n'kukaika m'kambale ka madzi a mchere kasanafe. Ndimamaliza m'mphindi zinayi. A Pulofesa anayesapo kamodzi ndili mtsikana, ndipo anatulutsa diso.

Khutu tikalichotsa, chule yense amatsala. Kwathu kuno, pakati pa minda ya mpunga, kutaya chule wonona ndi tchimo lokaulula kwa wansembe. Lamulo la yunivesite limati nyama ya kafukufuku iziikidwa m'thumba lachikasu n'kukatenthedwa, ndiye ife m'thumbamo tinkaikamo mitu ndi zikopa. Miyendo inkalowa m'firiji yachiwiri, ija yolembedwa kuti musaikemo zakudya. Lachisanu masana ndinkaphika mpunga wa achule pa kachitofu ka m'chipinda chotsukira mabotolo, ndi batala, anyezi, vinyo woyera pang'ono ndi tchizi pamwamba. A Pulofesa ankadya mbale ziwiri, yachiwiri ataimirira.

Amene ankabwera ndi achulewo ndi alamu anga a Tarcisio a ku Pradolmo, amuna ake a mkulu wanga Natalina. Amawagwira monga ankachitira agogo awo, ndi ndodo yaitali, ulusi, ndi kansanza ka sokosi ya akazi kumapeto. Chule akaona kansanzako kakudumphadumpha amakaluma, osadziwa kuti walowa m'mbiri ya sayansi.

M'khutu la chule, monganso m'lanu, muli maselo okhala ndi timaubweya pamwamba, osambira m'madzi. Ndi amene amakuuzani kuti mwaima chilili kapena mwapendama. Madziwo akachuluka kapena akachepa, munthu amamva chizungulire mpaka kugwa ndi kusanza. Mu 1987 a Pulofesa analemba kuti maselo amenewa ndi otsekeka ngati botolo, madzi amangowazungulira osalowa. Chiganizo chimodzicho chinawadyetsa zaka makumi atatu. Anakachinena ku misonkhano ya m'mayiko asanu ndi anayi, ndipo ophunzira amene ankachilemba molondola pa mayeso ankakhoza.

Tsono panali Dokotala Ilaria Cassani. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo zaka khumi ndi chimodzi mwa zimenezo anazithera mu labu yathu pa kontrakiti ya chaka chimodzichimodzi. Disembala aliyense ankalongedza mabuku ake m'katoni, Januwale n'kuwatulutsanso. Ankakhalabe kwa amayi ake, chifukwa palibe mwini nyumba amene amapereka makiyi kwa munthu wa ntchito yotha pa Khirisimasi. Chaka chimenecho malo a ntchito yokhazikika anatseguka, amodzi okha, oyamba chilowereni iye, ndipo mpikisano wake unali mu Okutobala. Winanso wowafuna anali Dokotala Fabrizio Lanzoni, munthu wa nsapato zonyezimira amene ntchito yake yaikulu pa sayansi inali kukwatira mwana wamkazi wa a Pulofesa.

M'mawa wina wa mu Juni ndinamva Ilaria akundiitana ndi mawu otsika.

"Mayi Piera, tabwerani. Tsekani chitseko."

Pa sikirini panali selo limodzi, lowonda ngati kankhaka kakang'ono. Anatembenuza kampopi kuti m'kambale mulowe madzi a mchere wochepa. Ndisanamalize kuvala magalasi, selo lija linali litatupa ngati mkate wa m'uvuni.

"Mwaona? Masekondi atatu," anatero. "Botolo silitupa, mayi. Muli tizitseko tolowera madzi. Ili ndi selo la makumi anayi, onse akutupa."

"Mwana wanga, wauzapo ndani?"

"Inu nokha."

"Ndiye zimitsa chinthucho, upite ukamwe khofi. Okutobala akadutsa, uzidzatupitsa mpaka ziphulike."

"Iii, mayi Piera! Mukudziwa anthu angati amene amagwa m'bafa ndi chizungulire? Izi zikhoza kudzawathandiza. A Pulofesa ndi munthu wa sayansi, akaona ndi maso awo asangalala."

Ndinamuyang'ana. Ndinkamukonda mtsikana ameneyu ngati wobala ndekha, koma nthawi zina anthu ophunzira kwambiri amandimvetsa chisoni.

A Pulofesa anabwera cha m'ma leveni, monga mwa masiku onse. Anaonera selo likutupa kamodzi, kawiri, kachitatu. Khosi lawo linafiira.

"Galasi la maikulosikopu lada," anatero.

"Ndalipukuta m'mawa uno, a Pulofesa," ndinayankha.

"Sindikulankhula ndi iwe, Piera. Cassani, mwatopa. Munthu akatopa amaona zinthu zikutupa."

"Kompyuta nayo yatopa, a Pulofesa? Ndi imene ikuyeza."

"Mtsikana iwe, ine ndinkayeza maselo amenewa iwe ukuyamwa chala!"

Chule anadabwa m'madzi muli mwake. Munthu amene anakhala moyo wake wonse pakati pa madzi a m'khutu anatuluka m'chipindamo akulankhula yekha, ndipo masiku atatu sanatiyankhe moni. Tsiku lachinayi linali Lachisanu. Anadya mbale zawo ziwiri, anapukuta pakamwa, n'kudzitsekera mu ofesi. Cha m'ma thuu anandiitana.

"Piera, makope asanu ndi awiri, a komiti ya dipatimenti. Usawerenge."

Ndinawerenga ndili pa masitepe. Kalatayo inkati zotsatira za Dokotala Cassani n'zopanda pake, ndipo zikusonyeza kusasamala pa ntchito, chifukwa wagwiritsa ntchito achule a m'minda ya ku Pradolmo, amene matupi awo ndi odzaza ndi mankhwala ophera udzu moti maselo awo ndi obowokabowoka. Achule oterowo, inatero kalatayo, sayenera kukhudzidwa ngakhale ndi magolovesi. Pakona pa pepalalo panali banga la batala, chidindo cha chala chawo chachikulu.

Ndinapsa mtima. Makina a fotokope ndinawauza kuti atulutse makope asanu ndi atatu.

Lamlungu loyamba la Seputembala ku Pradolmo kumakhala chikondwerero cha achule. Mudziwo uli ndi anthu mazana asanu ndi awiri, koma tsiku limenelo kumabwera anthu zikwi, ndipo denga la tchalitchi, basi ya ana a sukulu ndi mayunifolomu a bandi zonse zinachokera m'chiwaya. Mkulu wa ophika ndi Natalina. Mwambo wake ndi wakuti chiwaya choyamba chikapsa, palibe amene amalawa mpaka mlendo wolemekezeka atadya chule woyamba pa masitepe a tchalitchi, atavala lamba wobiriwira pachifuwa. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri mlendo ameneyo anali mwana wa mudziwo amene anaphunzira kuposa onse, Pulofesa Attilio Brambati.

Kope yachisanu ndi chitatu ndinakaiika pa tebulo la Natalina Lamlungu la sabata yomweyo ya mu Juni, iye akusenda anyezi.

"N'chiyani ichi? Ukudziwa kuti magalasi anga ndinawakhalira."

Ndinamuwerengera. Mpeni unaima.

"Attilio? Attilio wa a Rosa, amene ankakodza pabedi mpaka kulandira Ukalistia woyamba? Akuti achule athu ndi poizoni?"

"Akutero, achemwali. Koma musatchule dzina langa. Ndikungofuna mumuopseze pang'ono kuti abweze kalatayi."

"Tarcisio! Tabwera udzamve zimene wanena mnzako wa ku sukulu!"

Kuuza Natalina kuti aopseze munthu pang'ono kuli ngati kuuza mvula kuti igwe m'munda mwako mokha. Lolemba kalatayo inali itapachikidwa pa chitseko cha bala ya pabwalo. Lachitatu inali m'nyuzipepala ya m'chigawo, pansi pa chithunzi cha a Pulofesa cha chaka chatha, mwendo wa chule uli pakamwa. Sabata yotsatira a zaumoyo analembera a meya kuti chikondwerero chiyambe chaima, mpaka katswiri amene ananena za poizoniyo afotokoze bwino.

Julayi ndi Ogasiti anali otentha kwa banja la a Brambati, ndipo sikuti ndi dzuwa lokha. Mayi Brambati, akazi a a Pulofesa, akalowa mogula buledi ankauzidwa kuti watha, mashelefu ali odzaza. Wometa tsitsi anayamba kudwala mkono a Pulofesa akangotulukira. Pa manda a mayi awo wina ankaikapo chule wamoyo m'mawa uliwonse. Wansembe analalikira za Yudasi Lamlungu katatu motsatizana, ngakhale sinali nyengo yake.

Mapeto ake a Tarcisio anafika ku labu ndi a meya. A meya anavala tayi, a Tarcisio anavala mabuti a m'munda ndipo ananyamula thumba lonyowa. Ine ndinabweretsa khofi, n'kuchedwa dala kutuluka.

"A Pulofesa," anayamba a meya, "mudzi wonse umakunyadirani, ndipo tikudziwa kuti sayansi ili ndi chilankhulo chake chimene ife..."

"Ndisiyireni ine, a meya," anawadula a Tarcisio. Anaika thumba lija pa desiki, pamwamba pa mapepala. "Attilio, achule awa ndakhala ndikukubweretsera zaka zingati?"

"Tarcisio, ino ndi nkhani ya sayansi. Kalata ija inali ya mkati."

"Ya mkati mwa chiyani? Mwa mimba yakoyo? Lachisanu lililonse mbale ziwiri, akutero anthu. Ngati ali ndi poizoni, bwanji sunafe? Taona mimba, ikuchita kukankha desiki!"

"Poizoni wake ndi wa pa mlingo wa maselo."

"Ndiye iwe ulibe maselo?"

A meya anatsokomola. Chule wina anatuluka m'thumba n'kukhala pa buku la 1987.

"Nkhani ndi yachidule," anatero a Tarcisio. "Ulembere a zaumoyo kuti achule athu ndi abwino, ubwere udzadye woyamba monga mwa nthawi zonse. Ukakana, lamba wobiriwira tipereka kwa dokotala wa mano. Ndipo ukadzafa ukapeze kwina kogona, ku Pradolmo manda adzadza."

Atatuluka ndinathamangira kwa Ilaria. Ndinamuuza kuti munthu uja wapanikizika ngati khoswe m'botolo. Akati achule ndi a poizoni, mudzi umutaya. Akati ndi abwino, ndiye kuti maselo akutupa mwachilungamo, ndipo amene wapeza zimenezo ndi Cassani. Ilaria anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sanafunse kuti kalata inafika bwanji ku Pradolmo.

Tsiku la chikondwerero tinapita limodzi pa basi. Pabwalo panali fungo la mafuta ndi ufa wokazinga, udzudzu uli pa ntchito yake, bandi ikuimba nyimbo zake zitatu zomwe zija. Natalina anatuluka ndi mbale yoyera, pakati pake chule mmodzi wokazinga bwino. A Pulofesa anaima pa masitepe, lamba wobiriwira ali pachifuwa. 

Anamunyamula chule uja ndi zala ziwiri, anamuyang'ana, n'kumuponya m'kamwa. Anatafuna ndi mafupa omwe, monga timachitira. Kenaka anatenga maikolofoni.

"Abale anga, anthu akwathu! Adani a mudzi uno anapotoza mawu anga. Achule a ku Pradolmo ndi aukhondo kuposa a dziko lonse la Italy!" Anthu anakuwa. Iwo anakweza dzanja. "Ndipo lero ndikuululireni chinsinsi. Achule anu omwewa andithandiza kupeza chinthu chimene dziko lonse lakhala likuchifuna. M'labu yanga taona kuti maselo a m'khutu ali ndi tizitseko tolowera madzi, monga momwe ndakhala ndikuganizira kuyambira 1987!"

Bandi inaomba. Amayi ena analira. A Tarcisio anawakumbatira a Pulofesa n'kuwapaka mafuta pa jekete. Wa nyuzipepala analemba zonse, ndipo m'mawa mwake mutu wa nkhani unali wakuti achule a ku Pradolmo achiritsa chizungulire.

Ilaria ankaseka mpaka misozi. "Kuyambira 1987! Mwamva, mayi Piera? Koma zilibe kanthu. Wavomera pamaso pa anthu zikwi zitatu. Maselo akutupa."

Tinadya mbale zitatu aliyense, tinamwa vinyo, ndipo ndinavina ndi dokotala wa mano. Ndinadziona ngati mkazi wochenjera kwambiri m'chigawo chonse. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachiwiri a Pulofesa anatiitana tonse atatu mu ofesi, ine, Ilaria ndi Fabrizio. Anali osangalala, atameta bwino. Pa desiki panali pepala la kafukufuku loti litumizidwe ku magazini ya sayansi. Pa mapepala otere dzina loyamba limakhala la amene anagwira ntchito, lomaliza la mwini labu, ndipo apakati ndi amene anadutsa pakhomo. Panalembedwa Lanzoni, Cassani, Brambati.

"A Pulofesa, Fabrizio sanaonepo selo ngakhale limodzi," anatero Ilaria.

"Anakonza zithunzi. Ndipo wandithandiza kwambiri pa kuganiza."

"Ndaikanso mitundu," anawonjezera Fabrizio. "Madzi ndawapanga a buluu."

"Nanga kalata yanu ya ku komiti, ija yonena kuti ndine wosasamala? Mwaibweza?"

"Ndalembera a zaumoyo za achule, Cassani. Za inu sanandifunse." Anavula magalasi n'kuwaika pa desiki. "Tsono pali nkhani ina. Kalata ija inali ya anthu asanu ndi awiri, koma inakapezeka pa chitseko cha bala. Mkazi wanga wakhala miyezi iwiri akudya buledi wa m'pulasitiki. Ndadzifunsa kuti m'nyumba muno ndani akanapindula. Piera wakhala nane zaka makumi atatu, ndipo sawerenga makalata anga. Eti, Piera?"

Ananditembenukira akumwetulira. Ankandikhulupirira monga momwe munthu amakhulupirira mpando wake.

Mawu anali pakamwa penipeni. Ndinkangofunika kunena kuti ndine, ndinatulutsa makope asanu ndi atatu. Koma penshoni yanga inali itatsala miyezi khumi ndi inayi, ndipo wotulutsa kalata ya komiti amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Ndinayang'ana makapu a khofi.

"Sindiwerenga, a Pulofesa," ndinatero.

A Pulofesa anatembenukira kwa Ilaria. Ilaria anangoyang'ana pawindo.

Chilengezo cha ntchito chinatuluka sabata yotsatira. Chinkafuna munthu amene dzina lake linatsogolapo pa kafukufuku wa kayendedwe ka madzi m'maselo omvera a m'khutu la chule, komanso wa mbiri yabwino pa kusunga zinsinsi za dipatimenti. Chinangotsala kutchula saizi ya nsapato. Oweruza atatu anachokera kutali, mabwenzi akale a a Pulofesa, ndipo ndinawaphikira mpunga wa achule. Anauyamikira kwambiri.

Disembala atafika, Ilaria analongedza mabuku m'katoni monga chaka chilichonse, koma ulendo uno anamata ndi tepi. Anali atapeza malo ophunzitsa ana a sekondale kumapiri, mongogwirizira mphunzitsi wina woyembekezera, mpaka Juni. Ndinamuthandiza kutsitsa katoniyo pa masitepe. Kunja kunali nkhungu yoti sungaone tsidya la msewu.

"Mwana wanga, pali chimene ndiyenera kukuuza."

"Ndikudziwa, mayi Piera. Makina a fotokope amasunga nambala. Ndinaona tsiku lomwelo."

"Ndiye bwanji sunanene mu ofesi muja?"

"Ntchito ndinali nditaitaya kale. Tikanatuluka awiri, ndani akanapindula?" Anatsegula chikwama n'kutulutsa kachopanira kake kabwino kochotsera makutu a achule, kaja anagula ndi ndalama zake chifukwa ta labu tinali topindika. "Tengani. Ana a sekondale sadzakafuna. Muzisamala manja m'nyengo yozizirayi."

Ndikanakonda akananditukwana. Anandipsompsona masaya onse awiri, n'kunyamula katoni yake kupita ku siteshoni.

Nditabwerera m'mwamba ndinapeza Dokotala Lanzoni, mwini watsopano wa ntchito yokhazikika ija, atavala gawuni yoyera yatsopano, mizere ya m'paketi ikuonekabe. A Pulofesa anali atamuuza kuti magazini ija ikufuna maselo ena makumi awiri isanasindikize. Anali atagwira chule patali ndi thupi lake, akumutembenuza uku ndi uku.

"Mayi Piera, pepani, tandithandizani. Ameneyu ndikuona ngati ndi wolumala. Makutu ake ali kuti?"

Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana chule. Ndikanatha kunena kuti manja akundipweteka. Popanda manja anga pepala lija silikanatuluka, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo, kapena mwina ine ndekha.

"Bweretsani kuno, a Dokotala," ndinatero. "Khalani apo, musadetse gawuni."

Ndinakhala pa maikulosikopu n'kutenga kachopanira ka Ilaria. Ndinamaliza m'mphindi zinayi. Miyendo ndinakaika m'firiji yachiwiri, chifukwa mawa lake linali Lachisanu.